Oyilo Wakuda pa Mpanda Wanga

Mpanda wanga wa ku komboni ya Mtendere ndinaumanga ndekha, ndi matabwa a mapaleti amene ndinkatola kuseri kwa mashopu a simenti. Malemu amuna anga sankadziwa ngakhale kogwirira hamala. M'kati mwa mpandawo munali kadimba kanga: repu, anyezi, mizere iwiri ya matimati, ndi chibwabwa chomera chokha pafupi ndi bafa. Ku komboni ukakhala wopanda mpanda, ndiwo zako umalimira nkhuku za eni ndi ana a eni.

Mdani wa matabwa ndi chiswe. Chimayambira pansi, thabwa n'kumaoneka labwinobwino, koma ukalidina ndi chala limangofumbutuka ngati bisiketi. Choncho chaka chilichonse mvula isanagwe ndinkazungulira mpanda wonse, kugogoda thabwa lililonse, kuzula lofumbwa, kukhoma lina, kenako kupaka oyilo wakuda uja amakhetsa m'mainjini ku garaja. Chiswe sichimuyandikira. Ntchitoyo imathyola msana, ndipo fungo lake silichoka m'zikhadabo sabata yathunthu.

Kuseri kwa mpandawo kunasamukira mayi wina wamasiye, wa kwathu ku Katete konko, ndi ana atatu m'kachipinda kamodzi. Anali munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ntchito yake inali imodzi basi: kuchapa nsalu zoyera zovekera mipando ndi matebulo, za madamu wina wa kumayadi ku Kabulonga amene ankakongoletsa maukwati. Galimoto inkatula mitolo Lolemba m'mawa, Lachinayi n'kudzatenga. Ana atatu aja ankadyera pomwepo, panalibenso kwina.

Waya wake woyanikapo unali umodzi, waufupi. Nsalu zotsala zonse zinkathera pa mpanda wanga, zili chonyowa, zolemera, madzi ali chuchuchu kutsikira m'matabwa. Misomali inayamba kuzuka, mpanda n'kupendekera kwanga. Ndinamuuza. "Pepani ba neba, ni lelo chabe," anatero, atagwira m'manja. Sabata yotsatira, lelo chabe. Inayo, lelo chabe. Tsiku lina ndikuchokera ku msika ndinapeza matabwa atatu atagwera pa matimati anga, oti angoyamba maluwa, onse thyokethyoke.

Anthu a m'njira mwathu amandidziwa, ine ndikakwiya amamva mpaka ku komboni ya Kalingalinga. Koma tsiku limenelo sindinatsegule pakamwa. Ndinatola matabwa anga, kuwakhomanso, mtima uli phuliphuli.

Oyilo wakuda ali ndi khalidwe lake, ndipo wodziwa ndi amene anamugwirapo. Ukapaka madzulo, pofika m'mawa thabwa lakale limakhala litamumwa yense. Limaoneka louma, ukakhudza chala chimabwerako choyera. Koma dzuwa la Okutobala likafika pamutu, thabwalo limachita thukuta, oyilo n'kutulukanso. N'chifukwa chake zaka zonse ndikapaka ndinkafuula mbali zonse kuti, "Musayandikire mpanda masiku anayi!" Chaka chimenecho sindinafuule. Ndinadikira Lamlungu masana, mayiyo ali ku tchalitchi ndi ana ake, ndipo ndinalowa pakhomo pake ndi chigubu ndi burashi. Ndinapaka mbali yake yonse, pamwamba pa matabwa n'kubwereza kawiri.

Lolemba cha m'ma teni ndinamva akuitana. Anali ataima pa mpanda, beseni lodzaza nsalu lili pambali.

"Ba neba, mwapaka mafuta? Vinunkha monga ku garaja."

Anakhudza thabwa, n'kuyang'ana chala chake. Chinali choyera. Mpata wonena zoona unalipo, ndipo ndinauona bwinobwino.

"Ni vakudala ivo, vinayuma," ndinatero. "Yanikani chabe."

Anandithokoza, amayi inu! Anayala nsalu zija imodziimodzi, mpanda wonse mbee kuyambira ku bafa mpaka ku msewu. Ine ndinatenga kampando n'kukhala pansi pa mtengo wa mapeyala, kumasankha nyemba zoti ndinali nditasankha kale dzulo lake. Dzuwa linakwera. Poyamba panaoneka timadontho, kenako mizere yakuda, thabwa lililonse kudzilemba pa nsalu. Cha m'ma wani ndinamva, "Mayo ine! Mayo ine, nafa!"

Ndisanamizire kuti ndinamva chisoni. Ndinasangalala. Mtima unazizira ngati ndamwa madzi a mu fuliji, ndipo nyemba zija ndinaphika n'kudya bwino.

Masiku atatu mayiyo anachapa. Anayesa sopo, madzi otentha, parafini, mandimu, phulusa, ndi mankhwala aja oyeretsera zovala osasungunula n'komwe. Ndinkamva kutikita kwake kuyambira m'bandakucha. Zakuda zija sizinachoke, zinangosanduka zachikasu n'kufalikira nsalu yonse. Pofika Lachitatu manja ake anali atasupuka, ofiira ngati nyama ya pa butchala. Sanabwere kudzandifunsa kanthu.

Lachinayi madamu uja anabwera yekha, atavala magalasi akuda, makiyi a galimoto ali m'manja. Atafunyulula nsalu yoyamba anakuwa mpaka anthu anatuluka m'manyumba. Ukwati unali Loweruka, ati wa mwana wa munthu wamkulu. Anamutcha mayiyo chitsiru, mbuzi ya kumudzi, n'kumuponyera nsalu kumaso ana ake akuona. Mayiyo anagwada pafumbi. Amayi a pa kantemba, kagolosale ka m'njira mwathu, ankaseka mobisa, wina n'kumajambula pa foni. Ine ndinali nditatsamira mpanda wanga, kuonerera.

Madamu anatembenuka n'kundiloza ndi kiyi.

"Imwe, ni mpanda wanu uyu? Munabauza kuti mwapaka mafuta?"

"Ninabauza, madamu," ndinayankha. "Sibamvela aba."

Mayi uja anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Ndinakonzeka. Ndinkafuna andinene, anditukwane, tigwirane pomwepo, chifukwa pa ndewu ya pakamwa palibe anandigonjetsapo m'njira monsemo. Koma iye anangoweramanso.

"Eee madamu, bananiuza. Ndine ninaibala."

Madamu analonga nsalu zonse m'galimoto, pamodzi ndi mabeseni awiri ndi ayironi zimene anamubwereka. "Musanitumile foni futi," anatero, n'kumenyetsa chitseko. Anthu anabalalika akukambirana za ulesi wa akazi a masiku ano.

Tsiku lonselo funso linandidya. Anandibisiranji bodza langa? Ndinaganiza kuti mwina ndi zopemphera zakezo, akufuna kundiunjikira mlandu kwa Mulungu. Ndinaganizanso kuti akundikonzera zake mwakachetechete, ndipo ndinatsekera nkhuku zanga dzuwa lisanalowe.

Yankho linabwera m'mawa mwake. Ndinamva odi pa geti, ndipo nditatsegula anali iyeyo, ndi ndowa ziwiri. M'njira mwathu monse mpopi wotuluka madzi tsiku lililonse unali wa pabwalo panga, ndipo banja lake linkatunga pamenepo chisamukire. Kwina kunali kutali, kolipira ndowa iliyonse. Anandibisira chifukwa cha madzi, basi.

"Mwauka bwanji ba neba? Nitapeko manzi, bana basambe bayende ku sukulu."

Ankamwetulira. Ndinkadana nako kumwetulira kumeneko, ndipo mpaka lero ndikakukumbukira manyazi amandigwira. Manja anali atawakulunga ndi tinsanza ta chitenje. Anayesa kupotokola mpopi, koma zala zinakana, anangoluma mlomo n'kuyesanso. Ndinamutsegulira ine. Tinaima awiriwiri kumvera madzi akugwera mu ndowa, ndipo ndowa sinachedwepo kudzaza ngati tsiku limenelo.

Ndinamusenzetsa imodzi, inayo anaikoleka pa mkono. Atafika pa geti anacheuka.

"Zikomo ba neba. Va mpanda musavutike navo futi. Nilibe vochapa manje."