Matemba a Sajeni

Ndikukumbukira chaka chimene ndinkalumbira kuti pamsika wa Nselema palibe wogulitsa amene angandipose pokambirana mtengo. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, koma ndinali nditatopetsa kale amayi a tomato mpaka mmodzi anandiuza kuti ndidzafa ndikunenerera mtengo wa bokosi langa. Ine ndinaona ngati akundiyamikira.

Chaka chimenecho makoswe anatilowerera. Chimanga chimene tinakolola chinali m'matumba kuchipinda cha kuseri, ndipo ndi chomwecho chimayenera kutifikitsa mpaka Malichi. Mayi anakapempha mphaka kwa azakhali ku Chiuta, wamawangamawanga, wong'ambika khutu limodzi. Tinamutcha Sajeni. Pasanathe sabata, mpira umene makoswe ankasewera kudenga unatha.

"Ameneyu akugwira ntchito, azidya bwino," anatero mayi pondipatsa ndalama. "Ukamugulire matemba, abwinowo."

Ndinapita kwa Che Saidi, mkulu wa ndevu zoyera amene ankagulitsa nsomba zouma. Matemba awo anali onyezimira, fungo lake lomveka uli kutali. Koma maso anga anagwera pansi pa dengu, pamene pamatsalira zinyenyeswa.

"Che Saidi, zapansizo mumapita nazo kuti?"

"Zimenezo ndi mitu ndi mchenga, mwanangu. Nsombazi amayanika pansi."

"Wodyayo ndi mphaka. Adziwa bwanji?"

Ndinanenerera ngakhale zinyenyeswazo. Ndinachita ngati ndikuchoka kawiri, iwo n'kundiitana, pomaliza ndinapemphanso basela. Anandithirira akuseka. Chenji ndinagulira zitumbuwa, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati mwini golosale.

Sajeni ananunkhiza mbale, n'kundiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakutumula mwendo wakutsogolo n'kuchokapo. M'mawa mwake ndinasakaniza ndi madeya. Anakana. Tsiku lachitatu ndinathirako madzi kuti zioneke ngati msuzi. Tsiku lachinayi Sajeni kunalibe.

Makoswe sanachedwe kumva uthenga. Mayi anapeza thumba limodzi litabooledwa m'munsi, chimanga chili mbwee pansi. Sanandimenye iyayi. Anangotenga mbale ya mphaka ija, n'kuitsukuluza pang'onopang'ono ine ndikuona, mpaka pansi panatsala mchenga wokwana supuni ziwiri.

"Iwe ungadye zimenezi? Kamufune wekha mlonda wako."

Ndinamupeza Loweruka kumsika, atagona pa chiguduli kunsi kwa thebulo la Che Saidi, mimba ili tantha, akunyambita ndevu.

"Che Saidi, mphakayu ndi wathu."

"Ndakana ine? Mutengeni, bwana wamkulu. Wabwera yekha, ndipo chibwerereni makoswe sanakhudze dengu langa. Ndimamupatsa matemba atatu patsiku, athunthu."

Ndinamunyamula. Sitinafike n'komwe pamsewu, anandikanda pamkono n'kubwerera kunsi kwa thebulo. Amayi a tomato anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mwanangu," anatero mkuluyo, "munthu ungamunyengerere ndi pakamwa. Uyu samva Chichewa, samva Chiyao. Amamva mphuno yake basi."

Ndinathamanga kunyumba kukatenga kandalama kamene ndinkasungira mpira, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinagula chinthu pa mtengo umene mwini wake watchula, osatsegula pakamwa. Ndinayenda ndikugwetsa temba limodzilimodzi, Sajeni akunditsatira monyada mpaka pakhomo.

Lero ndimagulitsa zitsulo za njinga ku Balaka, ndipo ndinaphunzira kuti ukamagulira wina chakudya, mtengo umautsitsa kwa wogulitsa, osati m'mbale ya wodyayo. Matumba otsalawo anapulumuka, tinafika Malichi osagula ufa. Koma Che Saidi anagulitsa mchenga, analondereredwa nsomba sabata yathunthu, n'kupezanso kasitomala wa Loweruka lililonse. Sajeni naye anakweza malipiro ake osalankhula liwu limodzi. Inu mukaona, pa atatufe anapambana ndani?