Madontho a Mayi Nélida

Ku Paysandú kuno palibe amene sawadziwa mayi Nélida, osoka zovala aja a pafupi ndi siteshoni ya basi. Zaka makumi atatu akupinda mathalauza a tauni yonse, tangoganizani! Zala zawo zinakhota ndi nyamakazi, ndiye dokotala anawalembera mafuta a chamba, madontho asanu pansi pa lilime. Koma kuwawa kwa mafutawo m'kamwa kunawakanika. Anayamba kudonthezera m'chikho chawo cha tiyi wa yeriba, ndipo zowerenga madontho anasiya kalekale.

Lachitatu lina m'mawa, atangothira madontho aja ndi madzi otentha m'chikhomo, anatulukira a Atilio, mkulu wokonza njinga, wodwala mtima. Tsono kwathu kuno chikho sumwa wekha mnzako akuyang'ana. Chimazungulira basi, kapaipi kake koyamwira kamodzi komweko. Akanawamana bwanji? Kuulula za chamba kwa munthu wa kutchalitchi kwawo, manyazi. Anangopereka, n'kudziuza kuti ndi timadontho chabe.

Ola litatha, a Atilio anali mbuu, mawu akukokeka, miyendo itakana.

Ambulansi inabwera ndi namwino wina dzina lake Yamila, wachangu zedi. Anawaunika m'maso, anawabaya chala kuyeza shuga, n'kuwamanga mkono.

"Agogo, tamwetulirani. Kwezani manja onse. Lero ndi lachingati?"

"Mafunso onsewa, mwanawe, ukufuna kundifunsira?" anatero a Atilio, lilime litalemera.

"Mukachira tikambirana. Mayi, amwa chiyani chiyambire m'mawa?"

"Yeriba basi," anayankha mayi Nélida, maso ali pa makina osokera.

Yamila anauza dalaivala kuti aimbe kuchipatala akonzekere, mwina ndi sitiroko. Mayi Nélida anadzifunsa mumtima. Munthu akapatsidwe mankhwala a matenda omwe alibe, chifukwa cha iwo? Anatsegula kabati ya ulusi n'kutulutsa kabotolo.

"Ndinathira awa m'chikhomo. Sindinawerenge."

Yamila sanakalipe. Anawerenga pepala la pabotolo, anafunsa nthawi yeniyeni imene a Atilio anamwa ndi mayina a mapiritsi awo a mtima, n'kuika kabotoloko m'thumba.

"Tikawajambulabe mutu. Koma izi, mayi, mukananena poyamba paja."

A Atilio anagona kuchipatala masiku awiri. Mayi Nélida atapita kukawazonda, anaima pakhomo la wodi mpaka nthawi yoona odwala inatsala pang'ono kutha. Kenako analowa, kuti akanene okha mkuluyo asanamve kwa wina.