Dzinja Lodikira Njinga Zamoto

Ndikakumbukira Biwi wa ubwana wanga, chimene chimayamba kundifikira ndi phokoso la ndodo yachitsulo pa msewu wonyowa: go, kenaka phazi likukhwekhwerezeka, khwee, kenakanso go. Ndodoyo inali paipi ya madzi yopindidwa kumutu, ndipo pogwirira pake anavekapo labala wa pa handulo ya njinga yamoto. Anaipanga ndi Che Jafali, mmisiri wowotcherera zitsulo wochokera ku Mangochi, ndipo mwini wake anali bambo anga. Ine ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, ndikuyenda kumanja kwawo, zala zanga zitakola lamba wa buluku lawo.

Bambo anali mesenjala pa kampani ina ya fodya ku Kanengo. Ankayenda pa kanjinga kofiira ka kuntchito, ndipo madzulo akamalowa m'nyumba ankabwera ndi fungo la petulo losakanikirana ndi la fodya wouma, fungo limene mpaka lero ndikalimva ndimacheuka. Mowa sankamwa, mpira sankaulabadira. Chimene chinawagwira mtima chinali mpikisano wa njinga zamoto wa kunja, uja wa akatswiri a dziko lonse, umene unkayamba mvula ikamatha n'kutha mvula ina ikamayamba. M'dera lathu lonse dishi ya tivi inali kwa Che Jafali okha, pamwamba pa mtunda, choncho Lamlungu la mpikisano tikaweruka kutchalitchi tinkakwera kumeneko. Abambo okwana khumi ankadzazana pa mabenchi m'shedi yonunkha chitsulo chopserera, ndipo mtsikana ndinali ine ndekha, chifukwa bambo sanaone chifukwa chodikirira mwana wamwamuna. Mayina a okwera njingazo ankatipinda lilime, ndiye tinkangowapatsa athu. Wa bambo tinkamutcha Kadziwotche, poti pa kona ankalowa ngati munthu wopanda abale, bondo likukhula pansi. Amayi ankangopukusa mutu n'kunena kuti sangakawonerere ana a eni ake akufunafuna imfa masana.

Chaka chimenecho mpikisano unatha ndi nkhani imene inagwedeza shedi yonse. Kadziwotche, atapambana, analengeza kuti akuchoka ku kampani ya njinga zamphamvu n'kupita ku ina imene njinga zake zinali zitakhala zaka zosapambana. Abambo anakangana mpaka mawu kusasa. Ena ankati wadzikumbira dzenje, ena ankati tiona. Bambo anatsika mtunda tsiku limenelo akulankhula ndi manja onse awiri, akundiuza kuti miyezi inayi yodikirayi iwatalikira ngati zaka. Patangotha sabata imodzi, m'mawa akupolisha nsapato pakhonde, burashi inawagwa m'manja, iwo n'kutsatira. Anakhala kuchipatala masabata atatu. Pobwerako mbali yonse ya kumanja inali itafa, dzanja lija lopotokolera moto wa njinga litapindikira pachifuwa, pakamwa patakhota, mawu akutuluka olemera ngati adutsa m'phala. Kanjinga kofiira kanabwerera kwa eni ake. Bambo anagona kuyang'ana kukhoma, ndipo mvula inayamba kugwa pa malata.

Ozonda ankabwera ambiri. Ankakhala pamphasa, kulankhula motsitsa ngati ali pamaliro, kupemphera, n'kunena kuti zonse n'za Mulungu. Bambo ankatseka maso mpaka atapita. Chakudya ankangolawa, ndipo amayi, amene anali atayamba kukazinga mandasi kuti tipeze ndiwo, ankalirira kuseri kwa nyumba pamene utsi wa mbaula ukanawaikira kumbuyo. Che Jafali anabwera Lachisanu lina pochokera ku mzikiti, mkanjo wawo woyera uli matope m'munsi, atanyamula mapepala amene mphwawo anawasindikizira pa kompyuta m'tauni. Sanatsitse mawu ngakhale pang'ono. Anandipatsa mapepalawo kuti ndiwerenge ndi kumasulira, ndipo ndinavutika nacho Chingerezi chake mpaka tinamva kuti poyeserera, njinga yatsopano ya Kadziwotche inali kutsalira m'mbuyo. Che Jafali anawomba m'manja n'kunena kuti, “Achimwene, munthu wanu uja watha. Imene wakwerayo si njinga, ndi ngolo.” Kenaka bedi linalira, bambo anatembenuka, diso lili psu, n'kulimbana ndi lilime lawo mpaka linatulutsa liwu limodzi lomveka bwino, loyamba chibwerere kuchipatala: “Bodza.” Che Jafali anadzuka akukutumula mkanjo. “Ngati ndi bodza mudzabwere mudzaone nokha. Ine tivi sindinyamulira munthu.” Lachisanu lotsatira anabweretsa ndodo ija.

Dzinja lonse linathera pa msewu umenewo. Ndikaweruka kusukulu ndinkatunga madzi, kutsuka mbale, kusisita dzanja la bambo ndi mafuta ofunditsa, kenaka tikaona kuti kumwamba kwang'ambika tinkatuluka. Sabata yoyamba tinangofika pa mpanda. Pofika Khrisimasi tinkafika pa mpopi pamene amayi a m'dera ankagula madzi, mu Januwale pa chigayo, pamene fungo la mgaiwa wotentha linkatipeza tikupuma pa njerwa. Kutsogolo kunali kamlatho ka pa ngalande, ndipo kuseri kwake mtunda. Bambo ankatuluka thukuta ngakhale kukuzizira, ndipo akaima kuti apume ankandiuza kuti pang'onopang'ono ndi mtolo, mawu amene ankawatengera nthawi yaitali kuwamaliza kuposa masitepe atatu.

Sindinganame kuti ndinkachita zonsezi ndi mtima woyera tsiku lililonse. Anzanga ankasewera fulaye pabwalo la pafupi ndi mpopi, mpira wa mapepala ukuuluka, iwo akukuwa, ine ndikudutsa ngati nkhalamba. Tsiku lina mnzanga wina anandiitana, ndinacheuka, ndipo dzanja langa linasiya lamba. Ndodo inatereka, bambo anagwa chammbali m'matope ofiira pamaso pa amayi onse a pa mpopi. Amayiwo anataya zidebe n'kuthamanga, koma bambo anawabweza ndi dzanja lamoyo lija. Ine ndinangoima, ndikudikira kukalipiridwa. Iwo anandiyang'ana ali chikhalire m'thope, mbali imodzi ya nkhope ikuseka, n'kunena kuti, “Kadziwotche nayenso amagwa.” Tinadzutsana tokha awiri, ndipo zinatitengera nthawi. Kunyumba amayi ataona zovala anapsa mtima, anabisa ndodo kuseri kwa kabati n'kunena kuti ndifulumire anadya gaga. Bambo sanawauze kuti wolakwa ndinali ine. Patapita masiku awiri amayi anaitulutsa okha ndodoyo, ataona kuti bambo ayambanso kuyang'ana kukhoma.

Mpikisano utayandikira, msewu wathu unasanduka bwalo la mikangano. Abambo a m'shedi aja akatipeza panjira sankafunsanso kuti mwadzuka bwanji. Ankangoyamba kulosera: wina kuti chaka chino n'cha kamnyamata katsopano, wina kuti matayala ndiwo adzaweruze, wina kuti Kadziwotche akadzafika pa nambala teni iyeyo adzameta ndevu zake. Anyamata ankathamangitsa zingerengere zawo akulira ngati injini, akupendekeka pa kona ya chigayo mpaka kugwera m'chimanga cha eni. Che Jafali sankaphonya Lachisanu, nthawi zonse ndi pepala latsopano ndi chipongwe chatsopano, ndipo bambo ankakhala sabata yonse akukonza yankho, akuliyeserera chamumtima milomo ikugwedera. Mfundo yawo inali imodzi: njinga ndi chitsulo basi, amene amapambana ndi munthu. Mu Malichi dowe anapsa, fungo la chimanga chootcha ndi maungu linadzaza Biwi, mitambo inayamba kupepuka, ndipo ife tinali titafika pa kamlatho. Mtunda tinali tisanauyesepo.

Lamlungu lake linafika kuli dzuwa. Amayi anasita shati yoyera ya bambo, ndipo titatuluka pachipata tinadabwa kuwaona akutitsatira, kampando kali pamutu. Anati akungoperekeza mpando. Tinanyamuka nthawi ya nkhomaliro isanakwane, mpikisano uli woyamba thu koloko, ndipo mpaka pa kamlatho zonse zinayenda bwino. Mtunda ndiwo unatisonyeza kuti ndi mtunda. Mvula inali itakumba tingalande, miyala ili poyera, ndipo phazi la bambo linkakola paliponse. Masitepe asanu, kukhala pa kampando. Masitepe anayi, kukhalanso. Tili pakati, tinamva kuchokera kumtunda kulira kwa mainjini onse pamodzi, kuja kumene bambo anakudikira miyezi inayi, ndipo ndinamva thupi lawo lonse likugwedezeka pa lamba. Mnyamata wina wa wilibala anaima n'kupempha mwaulemu kuti awakweze. Amayi ndiwo anayankha, osati bambo. Anati, “Zikomo achimwene, afika okha.”

Kenaka ndinaona munthu atatuluka pa geti ya Che Jafali, wina n'kutsatira, winanso, mpaka onse khumi anaima m'mbali mwa msewu. Mmodzi anafuna kutsika kuti atithandize, koma Che Jafali anamutchinga ndi mkono. Palibe anakuwa, palibe anawomba m'manja. Anangoima, manja kumbuyo, tivi ikudzilirira yokha m'shedi yopanda munthu, iwo akuyang'ana bambo akukwera. Sindidziwa kuti zinatenga mphindi zingati. Ndimangokumbukira shati yoyera itamatirira pamsana, ndi mpweya wawo ukulira ngati pampu. Pofika pa geti abambowo anapatuka, ndipo bambo analowa n'kukhala pamalo pawo pa benchi ngati anachokapo dzulo. Kunali kutatsala maulendo atatu okha ozungulira. Kadziwotche anali wachisanu, ndipo anamaliza wachinayi. “Ndinakuuzani, ngolo,” anatero Che Jafali, akupukuta m'maso ndi kofiya yawo. Bambo anapuma kaye, n'kuyankha kuti, “Chaka n'chachitali.” Amayi, amene anali ataima pakhomo ndi kampando kawo, anandikodola n'kundinong'oneza kuti ndiwalozere wathuyo ndi uti.

Bambo sanakwerenso njinga, ndipo dzanja lija silinatambasuke. Anakhala nafe zaka zina zinayi. Anthu amadabwa ndikawauza kuti sindikumbukira amene anatenga chikho chaka chimenecho, koma ndi zoona. Chimene chinakhala mwa ine ndi kudikira kuja. Lero njinga zamoto zadzaza Biwi, zikunyamula anthu ndi matumba a makala, ndipo palibe mwana amacheukira kulira kwake. Pamene panali shedi pali sitolo ya mafoni, ndipo mwana wanga amaonera mipikisano yomweyo pa kagalasi ka m'manja, ali yekha, zomvera zili m'makutu. Sakwera mtunda uliwonse kuti akaione, ndipo alibe womutsutsa. Ine ndinakula ndikudziwa kuti chisoni cha anthu chikhoza kumugoneka munthu kuposa matenda, ndi kuti wodwala amafuna wina womuona ngati akadali ndi mawa. N'chifukwa chake ndikapita kukazonda munthu, pemphero ndimapemphera ndithu, koma ndisanatsanzike ndimafunafuna kankhani koti tikangane, ndipo ndimachoka tisanagwirizane.