Chikho cha pa dima langa

Lachiwiri lapitali ndinaitanidwa kukayankhula pa msonkhano wodziwitsa anthu kuipa kwa mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, pabwalo la sukulu ina kufupi ndi Sinda. Ine mowa sindimwa, ndine mkulu wa mpingo, ndiye pakamwa panali popepuka. Ndinadzudzula kachasu, chamba, ndi timabotolo tija anthu amabisa m'matumba a jekete. Anthu anaomba m'manja. Pomaliza anandipatsa sikipa yoyera yolembedwa pachifuwa kuti "Mowa umapasula banja."

Loweruka ndinaivala kumunda. Linali tsiku la dima langa lokumba nsawa.

Kwa inu okulira m'tauni, dima ndi pamene umaitana anzako kuti adzakuthandize ntchito ya kumunda tsiku limodzi, iwe n'kuwathokoza ndi chakudya komanso mowa. Kale unkakhala mowa wamasese. Masiku ano ambiri timangogula chigubu cha kachasu poti sichichedwetsa. Inenso ndinagula. Ndinachita kutuma munthu kuti a mpingo asandione, koma wogula ndinali ine.

Pakati pa obwera ndi makasu panali alamu anga a Fackson, amuna a mlongo wanga Tamara. Kwawo ndi ku Vubwi, kuno ali pachikamwini. Chaka chatha mowa unawafikitsa pogulitsa feteleza wa banja, Tamara n'kuthawira kwanga ndi ana. Ine monga mwini mbumba ndinawakhazika pansi n'kuwauza mosapsatira kuti akadzangolawanso, anyamule bulangete lawo abwerere kwawo. Kuyambira pamenepo amapita Lachinayi lililonse ku gulu la osiya mowa limene limakumana kuchipatala chaching'ono. Chiyambireni mvula sanalawe ngakhale dontho.

Dzuwa litafika paliwombo tinakhala pansi pa mtengo wa mango, chikho n'kuyamba kuzungulira. Chitafika pa a Fackson, anapukusa mutu. Wothira mowa anaseka.

"Mkamwini sakana chikho cha mwini munda! Kapena mukuti alamu anuwa a Banda akuthirirani kanthu?"

Nonse mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo kwathu kuno. Kukana chikho pagulu n'kumuyesa mnzako mfiti. A Fackson anachilandira n'kuyang'ana ine.

"Alamu, munda ndi wanu. Nditani?"

Mukuganiza kuti munthu wa sikipa yoyera uja anayankha chiyani? Ndikulemba izi manyazi akundigwira. Ndinati, "Aa, kungonyowetsa kukhosi chabe, palibe kanthu."

Sindinaganize n'komwe. Mawuwo anangotuluka okha, monga mmene timayankhira moni.

Tamara anali kuthothola nsawa chapafupi. Anaika lichero pansi n'kudzaima patsogolo panga.

"Achimwene, ine sukulu ndinalekera giredi folo. Tandiwerengereni zalembedwa pachifuwa panupo."

Ndinayang'ana mawu a pasikipa yanga aja. Ndinadzuka, n'kulanda chikho chija m'manja mwa alamu anga, n'kukhuthulira pansi. Chigubu nachonso chimodzimodzi. Amuna anayi anakoleka makasu paphewa n'kumapita akung'ung'udza kuti ndawanamiza. Sananame, ndinawaitanira mowa. Theka la munda linatsala losakumba.

Tsono nayi nkhani yanga ndi misonkhano yathu ija. Ndi yabwino, ndipo ndipitiriza kupitako. Koma timakonda kuloza kutali. Timanena za mabala a ku Katete, za chamba chodutsa m'malire, za mapiritsi amene achinyamata amamwa asakudwala. Ndani anaimapo n'kunena za mowa umene ife osamwafe timagula? Wa pa dima, wa poumba njerwa, wa adzukulu okumba manda. Ntchito iliyonse yolemetsa taimangirira chigubu. Munthu amene akulimbana kuti asiye, akagwire kuti ntchito yopanda chikho?

Anzathu a kuchipatala amaphunzitsa munthu kunena kuti ayi. Ayiyo akabwera nayo kumudzi, timamuseka, timamunena kuti wayamba matama, mwinanso timamukankha ndi mawu aulemu ngati anga aja. Akagwa, ndife oyamba kuitanitsa ankhoswe. A Fackson akanamwa tsiku lija, Lamlungu ndikanavala jekete langa n'kukawapirikitsa, mtima uli mbee.

Ndawauza kale okonza misonkhano kuti ulendo wina asandipatse mutu wa chamba. Ndikayankhula za dima, ndipo ndikayambira pa langa. Ndipempha kuti aitanenso eni minda, akuluakulu a mipingo ndi a mbumba, osati omwa okha. Kunyumba kwanga nako lamulo lasintha: dima lililonse lizikhala la thobwa ndi nyama ya mbuzi. Wofuna kachasu asavutike kunola khasu lake. Nsawa zikamerera m'nthaka, zimere.

Lolemba m'mawa ndinapeza anthu awiri atayamba kale kukumba theka lotsala lija. Anali a Fackson ndi Tamara. Ndinayamba kupepesa, koma alamu anga anandidula.

"Alamu, ine kukana ndinaphunzira. Amene sindikanatha kumukana ndinu."

Inu amene simumwa, ndani sangathe kukukanani?