Tsiku limene akhwangwala a Yama anakana mpunga

Mayi wophika uja ndinkadana naye, ndipo sindibisa. Anali wa ku Nepal, wamfupi, mawu ake ngati chitseko chosowa girisi. Ine ndinafika pa nyumba ina ya ku Al Markhiya, kudziko la Aluya, nditangolemba mayeso a Folomu 4, ntchito yanga kukolopa ndi kusita. Iye anali atakhalitsa, ndiye ankadziyesa madamu wachiwiri. Ndikaswa kapu, madamu amva. Tsiku lina anakandinenera kuti ndimavina ndi mopu pakhonde, ofu yanga ya Lachisanu n'kulandidwa milungu iwiri.

Kutentha kutayamba kutsika, m'mawa wina ndinamupeza kuseri akuika mbale ya mpunga ndi tizipatso pamwamba pa mpanda.

"Za mphaka izi, amayi?"

"Choka iwe. Za akhwangwala."

Chizungu chake chinali chothyokathyoka ngati changa, koma tsikulo anamasuka, mwina poti analibe wina womuuza. Akuti kwawo kuli mfumu ya akufa, dzina lake Yama. Imakwera njati, m'manja itagwira chingwe chokokera mzimu wa munthu nthawi yake ikakwana, ndipo kumanda kwakeko imaweruza aliyense. Akhwangwala ndi amithenga ake. Kamodzi pa chaka anthu amawadyetsa kuti asabwere ndi uthenga woipa. Chaka chimenecho nkhani inali yaikulu, chifukwa mayi ake anali gone m'chipatala kumudzi, chifuwa chitawapana.

"Akadya, mayi anga akhala ndi moyo. Yalla, fulumira, kakolope."

Akanadziwa amene amamuuza. Ine ndinakulira m'munda wa mtedza ku Mchinji. Kwathu khwangwala akakuvuta, umapha mmodzi n'kumupachika chadodolido pa mtengo. Anzake amabwera kudzalira, koma kutera pansi satera.

Khwangwala wakufa ndinalibe, choncho ndinamupanga. Jumbo yakuda ya zinyalala, sokosi yanga mkati, nthenga ndinazula ku chokunthira fumbi cha madamu n'kuzidetsa ndi polishi wa nsapato. Mayi uja atalowa kukaphika, ndinakwera pa ndowa n'kumangirira chidolecho pa nthambi yakunja kwa mpanda, pamene munthu ali mkati sangaone.

Akhwangwala akuno ndi ang'onoang'ono, a khosi lotuwa, alibe malaya oyera pachifuwa ngati akwathu. Koma nzeru zawo n'zimodzi. Anabwera awiri, kenako asanu. Anatera padenga ndi pa dishi ya TV, akukuwa ngati pa siwa, mbale osaikhudza.

Mayi uja anatuluka chipande chili m'manja. Anasuntha mbale. Anawonjezera mpunga. Anawaitana m'chilankhulo chake, manja atawaphatikiza pachifuwa, iwo akungowonjezera phokoso. Anaimba foni kwawo kangapo, osayankhidwa. Ine ndinkakolopa malo amodzimodzi, nditaluma mlomo kuti phwete lisatuluke. Kukhitchini nkhuku inapserera mpaka utsi kufika ku chipinda cha madamu, ndipo kwa nthawi yoyamba wokalipiridwa sanali ine.

Masana omwewo anakagwada kwa madamu kupempha kuti apite kwawo.

"Kontirakiti isanathe? Ukapita, khalasi, zatha, usadzabwerenso."

"Ndipita, madamu."

Chidole chija anachiona tsiku lonyamuka, atatuluka pageti ndi sutikesi, takisi ikudikira. Jumbo inali itang'ambika ndi mphepo, sokosi ya mizeremizere ikulendewera, yomwe ankaiona pachingwe sabata iliyonse. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira ine, amene ndinamunyamulira chikwama.

"Ndiwe."

"Ndatani ine, amayi?"

"Yama sasochera, mwana iwe. Adzakupeza ngakhale kwanu."

"Akadzabwera ndidzamuuzanso zanu. Mudzakhale kutsogolo pamzere, ndinu akuluakulu."

Ndinaganiza kuti abwerera m'nyumba kukandinenera komaliza, ntchito yake n'kuipulumutsa. Anafika mpaka pogwira geti. Dalaivala analiza hutala. Mayi uja anayang'ana pamwamba pa mpanda, pamene mbale ija inali idakalipo, mpunga utauma ndi dzuwa.

"Kaya ndiwe, kaya si iwe, sanadye," anatero, n'kunditsomphola chikwama.

Analowa m'takisi osacheukanso. Zoti mayi ake anachira kapena ayi sindinamve, ndipo sindinafunse. Ndinatseka geti, ndinapita kukhitchini kwake kuja, n'kudzikazingira mazira atatu.