Geji Pamzati Wonunkha

Dzina lawo lenileni lilipo, koma kuntchito palibe amene amalikumbukira. Onse amangoti a Sambani, chifukwa ukangoti ugwire chida chawo chilichonse, mawu oyamba kutuluka pakamwa pawo ndi akuti, "Sambani kaye m'manja." Ndi bambo owonda, a imvi za apo ndi apo, amene amayenda ndi sopo wawowawo m'thumba, wokulunga m'kapulasitiki. Akakupatsani moni wa m'manja, musafulumire kusangalala: akangokhota pakona akapukuta dzanjalo. Ena amati ndi matama, ena amati ndi matenda. Ngati ali matenda, ndiye kuti ndi matenda amene anawapezera ntchito.

Ntchito yawo ndi yomata mageji. Geji ndi kachinthu kopyapyala ngati khoko la anyezi, kochepa kuposa chikhadabo, kokhala ndi tiwaya topindapinda m'kati mwake. Amakamata pachitsulo cha mlatho, cha thanki kapena cha denga la fakitale. Chitsulocho chikalemedwa n'kutamuka kapena kufinyika, ngakhale pang'ono poti diso silingaone, kachinthuko kamatamuka nacho limodzi, ndipo bokosi lolumikizidwa ndi waya limaonetsa manambala. Mainjiniya amatenga manambalawo n'kunena ngati chitsulo chikadali ndi mphamvu. Koma geji imadana ndi litsiro kuposa a Sambani amene. Thukuta la chala likangokhudza pomatapo, guluu sagwira. Chinyontho chikalowa kuwaya, manambala amadzandira ngati munthu wochokera ku mowa. Pa mabwana onse amene a Sambani anagwirapo nawo ntchito, ndi geji yokha imene inagwirizana nawo maganizo.

Anakulira pamdadada wa nyumba za lendi pomwe mabanja onse ankagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi chopanda chitseko, ndipo analumbira akadali mwana kuti akadzakhala ndi pakhomo pawo, ntchentche idzachita kupempha kuti ilowe. Lumbirolo analisunga. Kwawo nsapato zimathera pakhonde, alendo ali ndi makapu awoawo, ndipo akazi awo, mayi ofatsa osachedwa kuseka, anazolowera kalekale kuona mbale zimene atsuka zikutsukidwanso. Ana atakula n'kuchoka, chipinda chimodzi chinatsala chopanda munthu, a Sambani n'kuikamo makatoni a thonje ndi mabotolo a sipiriti.

Chipinda chimenechi ndi chimene akazi awo ankachipempha. Bambo awo a mayiwo, telala wakale, ankakhala okha m'kanyumba ka chipinda chimodzi kuseri kwa msika chimwalirire akazi awo. Anali madala audongo, osatuluka pakhomo opanda jekete ndi tayi, koma ukalamba unawagwira pachikhodzodzo. Madzi akati abwere, sankadikira. Mayiwo anafotokoza zimenezi mozungulira, maso ali pansi, n'kupempha kuti bambo awo abwere adzakhale nawo. A Sambani sanafunike kufotokozeredwa. Ulendo womaliza umene anakaona apongozi awowo, fungolo analimva akadali pakhomo, ndipo mpando umene anapatsidwa anangoukhala m'mphepete. Anayankha kuti tiona. Akazi awo anapemphanso, iwo n'kuti tiona. "Tiona" wa a Sambani aliyense ankamudziwa kuti ndi "ayi" wovala jekete.

Ili nkhani ili apo, kuntchito anawatumiza ku mlatho wa pafupi ndi depoti ya mabasi. Pamwamba pamadutsa malole, pansi pamadutsa anthu, ndipo mizati yake yachitsulo inali itayamba kudyeka dzimbiri m'munsi. Injiniya, mayi wachangu wosakonda zocheza, anajambula ndi choko pamzati wapakona, chapafupi ndi bondo la munthu, n'kunena kuti geji ikhale pomwepo. Lole yodzaza miyala idzaima pamwamba, iwo adzawerenga manambala, kenako adzadziwa ngati mlathowo utsekedwe kapena ayi. Atanena izi anatseka mphuno ndi mpango n'kuthamangira m'galimoto.

Mzati umenewu unali chimbudzi cha mzinda wonse. Makondakitala, oyitanira mabasi, ogulitsa malonda, ngakhale abambo a masuti onyamula zikwama, aliyense akapanikizika ankangokhotera pamenepo. Dothi lake linali lakuda, lonyowa chaka chonse ngakhale kunja kukhale chilala, ndipo dzuwa likatentha fungo linkaluma m'maso. Ntchentche zobiriwira zinkachita kuyimba. A Sambani ataima pamenepo anamva malovu owawa akudzaza m'kamwa. Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, ena mwina madikoni kutchalitchi, kumachita zimene ngakhale mphaka amakwirira. Anatukwana mumtima mtundu wonse wa amuna, osasiyako ndi mmodzi yemwe.

Koma walira mvula walira matope. Anayala katoni, pamwamba pake pulasitiki, n'kugwada. Anapala utoto ndi dzimbiri mpaka chitsulo chinawala, n'kusalaza ndi sandipepala. Kenako anayamba kupukuta ndi thonje loviika mu sipiriti, kulowera mbali imodzi yokha osabwerera, thonje lililonse kamodzi n'kutaya, mpaka lomaliza linachoka loyera monga linabwerera. Gejiyo anaitola ndi kachopanira, osaikhudza, anaigoneka patepi, anaiwongola kuti iloze kumene chitsulo chikulemedwera, n'kudontheza guluu. Apa ndiye pamene pamafunika chala chachikulu: umakanikiza osasuntha, kutentha kwa chalacho n'kumene kumathandiza guluu kugwira. Ndiye kuti a Sambani anakhala chigwadire, nkhope pafupi ndi mzatiwo, akupuma ndi kukamwa, ntchentche ikuyenda pakhutu lawo iwo osatha kuiingitsa. Atachotsa tepi anawotcherera tiwaya tiwiri ndi mtovu, anamata phula pamwamba, analumikiza bokosi n'kuika manambala pa ziro. Ziroyo anakhazikika phee. Anazinga malowo ndi malata, n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti pano osataya madzi.

M'mawa mwake anapeza zilembozo zitanyowa. Malata anthu anawaona ngati chifundo cha boma, poti tsopano munthu ankatha kubisala bwinobwino. Mkodzo unali utatsikira kuwaya, phula litayamba kumatuka, ndipo manambala ankakwera n'kutsika pamlatho popanda ngakhale njinga. A Sambani anasanza kuseri kwa malatawo. Anapala zonse n'kuyambiranso. Kutacha zinali chimodzimodzi. Injiniya anaimba foni kunena kuti lole yabwerekedwa kale ndipo sangaibwezenso, ndiye geji ipezeke ili moyo. A Sambani akafika kunyumba ankavulira zovala pakhonde, kusamba mpaka khungu kuyabwa, chakudya n'kungochiyang'ana. Akazi awo atayesa kutchulanso za bambo awo, anawadula pakamwa kuti mkodzo wa kuntchito ukuwakwanira. Mayiwo anatola mbale n'kupita kukhitchini.

Tsiku lotsatira a Sambani anaganiza zogwira mmodzi kuti akhale chitsanzo. Atamata geji ina, anakhala m'kati mwa malatawo pachidebe chozondotsa, chete, ngati mlenje. Dzuwa lili paliwombo anamva mapazi ofulumira koma okwekwereza, kenako kupuma kwa munthu wothamangitsidwa. Pansi pa lata panaoneka nsonga za nsapato zakuda zopolishidwa bwino, ndipo kamtsinje kanayamba kulowa, kulunjika kuwaya. Zonse zimene anameza chiyambire zinatuluka nthawi imodzi.

"Galu iwe! Kwanu kulibe chimbudzi? Nkhumba yachabechabe, amako sanakuphunzitse? Anthu ngati iwe ofunika kumangidwa chingwe n'kukakusiyani kukhola!"

Anamenya latalo ndi chibakera n'kutuluka mozungulira, mawu ena akadali pakamwa. Amene anaima pamenepo anali apongozi awo, atavala jekete ndi tayi, m'dzanja lina muli kapepala ka mankhwala. Njira yochokera kuchipatala kupita kwawo inkadutsa pansi pa mlathowo. Chifukwa chodzidzimuka anali atatseka zipi msanga, koma madziwo sanaleke, ndipo thalauza lotuwa linali kuda pang'onopang'ono kutsikira kubondo. Oyitanira mabasi anali atatembenuka kale. Mmodzi anaimba mluzu, ena n'kuyamba kuseka.

Madalawo sanayang'ane mkamwini wawo kumaso. Anavula jekete, anaigwira kutsogolo, n'kunena motsitsa kuti, "Pepani, bambo. Sindinadziwe kuti pali ntchito yanu." Kenako anapita, akuyenda motakataka miyendo, msana uli chiwongokere.

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. A Sambani unawatsata masana onse. Anakonza waya, anamatanso phula lochindikala, analemba mlonda wa sitolo yapafupi kuti ayang'anire malowo, koma nseru imene anali nayo tsopano sinali ya mzati. Anadzinyansa okha. Madzulo sanawauze akazi awo chimene chinachitika. Anangoti makatoni aja achotsedwe m'chipinda, bambo abwere. Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali ngati akufuna kuona pamene pali msampha, kenako anaseka, misozi ili m'maso, n'kuwagwira dzanja. A Sambani sanalipukute, koma chimwemwe cha akazi awocho chinawawawa kuposa kutukwanidwa.

Kutacha linali tsiku la lole. Anafika molawirira n'kupeza geji ili bwinobwino, ziro ali phee, kwa nthawi yoyamba chiyambire. Injiniya anali pamwamba pa mlatho akukangana ndi dalaivala za poimika matayala. A Sambani akuwongola waya, anamva ndowa ikugunda pansi kumbuyo kwawo. Anali apongozi aja, thalauza lina, tayi yomweyo, atanyamula ndowa yodzaza madzi a sopo ndi bulashi. Kuchokera kuseri kwa msika kufika pamenepo si pafupi kwa munthu wa msinkhu wawo, ndipo mkono wa malaya unali utanyowa ndi madzi otayikira.

Madalawo anapereka moni mwaulemu wonse, n'kunena kuti abwera kudzachotsa zimene anasiya. A Sambani anayesa kukana, koma madalawo anali atagwada kale padothi lakuda lija, popanda katoni, n'kuyamba kukwecha m'munsi mwa mzati. Ankakwecha nyansi za mzinda wonse ngati zonse zinali zawo. Thovu linasanduka lachikasu. Bulashi inkakwera pang'onopang'ono kulowera pamene panali geji, ndipo a Sambani ankaona bwino chimene chikubwera. Liwu limodzi likanakwana kuwaimitsa. Koma liwu limenelo likanakhala lachiwiri kuwauza madalawo kuti achotse manja awo pazinthu za a Sambani, pamalo omwewo, oyitanira omwewo akuonerera. Anatseka pakamwa. Bulashi inakokera waya, phula linamatuka, ndipo madalawo atavutika kunyamula ndowa kuti atsukuluze, a Sambani anagwira mbali ina n'kuwathandiza kukhuthulira madziwo pagejipo. Manambala pabokosi anathamanga n'kuzimiririka.

Injiniya anatsika akufuula, koma ataona nkhalamba ya tayi ikudzuka pamatope ikugwira mzati, anatembenuka n'kukaimba foni patali. Zoti mawa kuofesi kukakhala mlandu, a Sambani ankadziwa. Anatulutsa sopo wawo uja m'thumba n'kupatsa apongozi awo, anawathirira madzi otsala, kenako anapepesa. Anapepesa mosakonzekera, mobwerezabwereza, n'kumaliza ndi kunena kuti chipinda chakonzedwa, abwere lero lomwe, akawatengera katundu ndi galimoto.

Madalawo anasamba m'manja bwinobwino, chala chimodzichimodzi, anakulunga sopoyo m'kapulasitiki kake n'kuwabwezera.

"Mkamwini, mwapepesa, ndamva, ndipo ndilibe nanu mangawa. Koma kwanu sindibwera. Dzulo munalankhula musakudziwa kuti ndine, ndiye ndinamva zenizeni. Kumene ndili ndikanyowetsa mphasa, ndimachita manyazi ndi khoma basi."

A Sambani anati si choncho, anati anali atatopa, anati ankanena anthu ena. Madalawo anagwedeza mutu ngati telala amene akumva kasitomala akunama za muyezo wa mimba yake. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti mwana wawo asauzidwe za dzulo, chifukwa akauzidwa banja lidwala, ndipo iwo sanalere mwana kuti adzamusiyitse ukwati ndi chikhodzodzo chawo. Adzamuuza okha kuti akana chifukwa sangasiye anzawo a kumsika. Anatola ndowa ndi bulashi n'kulowa m'chigulu cha anthu.

Madzulo a Sambani anapeza makatoni ali pakhonde. Chipinda chija chinali chitakolopedwa, zenera lili lotsegula, pabedi payalidwa nsalu yatsopano, pulasitiki itabisidwa pansi pake mochenjera kuti isamveke kukhuluza. Akazi awo anali atakwera pampando akukhoma msomali pakhoma kuti bambo awo azidzapachikapo jekete. Anatembenuka, msomali wina uli pakamwa, n'kufunsa ngati pamenepo si patali kwambiri kwa munthu wamkulu.

A Sambani anayang'ana khomalo, n'kunena kuti atsitse pang'ono.