Miyala Imene Ndinapaka Laimu

Ine ndine munthu wa kunyanja. Ndinabadwira pafupi ndi mishoni, tsidya la kum'mawa, kumene pansi ndi mchenga wokhawokha. Kwathu mwala uli ndi ntchito zitatu: mafuwa, nangula wa bwato, ndi womiza ukonde. Kupitirira apo mwala ndi mwala basi. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndizo zinandilakwitsa.

Kuphiri ndinapita ndi ntchito ya msewu. Sukulu ndinalekera sitandade sikisi, koma kulemba mayina ndinkatha, ndiye anandipatsa ukapitawo wa anthu asanu ndi atatu. Chigawo chathu chinali chitunda chija mukawoloka Shire pa boma la Mangochi, kulowera kwa Chowe mpaka pamwamba. Nthawi imeneyo msewu unali wafumbi. Ntchito yake kufukula ngalande, kutsegula makalavati, kukwirira maenje. Mvula ikagwa, kuyambiranso.

Pamwamba pa chitundacho pali kamalo ka masitolo. Masitolo anayi, chigayo, mzikiti, tchalitchi chaudzu, ndi msika wa pansi pa mitengo ya mango. Kumazizira. Mwezi wa Juni nkhungu imakhala mpaka dzuwa litakwera. Kukayera umaona nyanja mbali ina, nyanja ya Malombe mbali ina, Shire pakati ngati ulusi. A kunyanja ankakankha njinga za usipa pokwera, potsika atamanga chimanga, nyemba ndi nandolo. Amwenye anali atachoka kale, masitolo awiri anali otseka. Pakhonde pa sitolo ina yotsekayo pankasokera telala wachikulire. Telala ameneyo anali amalume a mkazi amene ndinadzakwatira.

Ndinakwatira komweko, n'kukhala chikamwini. Iwo Asilamu, ine wa tchalitchi. Zinavuta pang'ono, kenako zinatha. Amalumewo mkazi wanga ankawatchula kuti mjomba, nane ndinazolowera.

Kuseri kwa masitolo phiri limapitirira kukwera. M'mbali mwake munali mizere ya miyala younjikidwa popanda dothi kapena simenti, yofika m'chiuno. Ankaitcha malinga. Mjomba anandiuza kuti makolo awo anathawira kuno nthawi yogwirana ukapolo, ankabisala kuseri kwa miyalayo. Nkhondo zitatha anthu anatsika n'kudzamanga pafupi ndi njira. Kenako kunabwera azungu a fodya, njira inasanduka msewu. Malinga anatsala ndi udzu ndi abuluzi. Ine ndinamva ngati nkhani yakale basi.

Linga la m'munsi, lalitali kuposa onse, linali pamwamba pa kasupe. Kasupe ameneyo ndiye ankamwetsa malo onse, sankaphwa ngakhale mu Okutobala. Kunsi kwake kunali dimba la mkazi wanga: mpiru, tomato, nzimbe, nthochi. Ndiwo za pakhomo pathu zinkachokera mmenemo.

Chaka china, chilimwe chikutha, atcheyamani a chipani anatipeza tikugwira ntchito. Anati kukubwera nduna kudzachititsa msonkhano. Amayi ayamba kale kuyeserera magule. Ife a msewu tindandike miyala mbali zonse ziwiri, kuyambira pa kalavati wa m'munsi mpaka pa msika, ndipo ipakidwe laimu. Anatipatsa masiku asanu.

"Miyala tiitenga kuti?" ndinafunsa.

"Muli paphiri, kapitawo. Mukufuna ndikakutengereni kunyanja kwanu?"

Ya m'mbali mwa msewu inali matanthwe ofuna kuswa, ndipo nyundo tinali nayo imodzi. Ndinakumbukira linga. Miyala yosankhidwa kale, yonyamulika, pafupi, njira yake yotsetsereka. Ndinadziona wanzeru.

Tsiku loyamba, tikudutsa ndi mawilibala pa masitolo, mjomba anaimitsa makina awo.

"Akamwini, mwaitenga kuti imeneyo?"

"Kulinga, mjomba."

"Linga liti?"

"La pamwamba pa kasupe."

Anachotsa ulusi pakamwa. "Ili pa ntchito miyala imeneyo."

"Ntchito yanji? Nkhondo inatha."

"Inu a kumchenga madzi mumawadziwa ogona. Kuno amathamanga."

Anzanga anaseka, nane ndinaseka. Ndinati tikungobwereka, nduna ikapita tibweza. Mjomba anayang'ana ku chigayo. Atcheyamani anali ataima pamenepo. Kenako anapondanso makina.

Masiku anayi tinasiya mpata pakati pa linga woti malole awiri n'kuimamo. Tinandandika, tinapaka. Ndinene zoona, msewu unakongola. Anthu ankaima kuyang'ana. Atcheyamani anandigwira dzanja pagulu.

Tsiku lake msika unatsekedwa. Amayi anavala zitenje za chipani, anthu anaima padzuwa kuyambira m'mawa. Dzuwa litapendeka kunabwera wa njinga yamoto kuchokera ku boma. Anati nduna yachedwa ku Makokola, ibwera tsiku lina. Anthu anabalalika osalankhula. Masiku amenewo munthu ankadandaulira m'mimba.

Mawa lake ndinatenga anthu anga kuti tiyambe kubweza. Tisanadzaze wilibala yoyamba, atcheyamani anafika.

"Mukutani?"

"Tikubweza miyala. Tinangobwereka."

"Nduna yati ibwera tsiku lina. Mukufuna idzapeze mwachotsa ulemu wake? Mwala ukapakidwa laimu ndi wa boma, kapitawo. Amene akuuchotsa atiuze kuti akudana ndi ndani."

Sanakweze mawu. Tonse tinkadziwa za anthu amene anatengedwa pa zinthu zochepa kuposa zimenezi. Anzanga anatsitsa okha miyalayo n'kuikhazika pamene inali, mbali yoyera kumwamba.

Ndinauza mkazi wanga. Ndinamupeza akusenda chinangwa.

"Ndiye mvula mwaiuza kuti idikire nduna?"

Anatenga chinangwa china.

"Bambo a ana, dimba lija amayi anga analandira kwa amayi awo." Anangonena zomwezo, n'kupitiriza kusenda.

Ndinapita kwa mjomba. Ndinkadikira kunyozedwa. Sanatero. Anatseka makina, tinakwera tonse kulinga, anandionetsa. Madzi a mbali yonse ya phiri amatsikira khwawa limodzi. Amagunda linga, ambiri n'kupatukira kumanzere kumka kumtsinje. Otsala amalowa pansi pang'onopang'ono, ndiwo amatulukira pa kasupe. Dothi lakuda limene linaunjikana kuseri kwa miyala zaka zonsezo linali poyera ngati bala. Ine munthu wa ngalande, tsiku ndi tsiku kuwongolera madzi, sindinaizindikire ngalande iyi chifukwa sinakumbidwe ndi fosholo.

"Titenge ya ku malinga a kumtunda," ndinati.

"Kuti mukabowole kwinanso? Onsewo ali pa ntchito."

"Tiswe ina."

"Iswani. Ndi kanyundo kanu kaja mudzamaliza ana anu atakwatira."

Ndinayesabe Lamulungu lina nditachoka ku tchalitchi. Tsiku lonse miyala isanu ndi umodzi. Ing'onoing'ono inalipo yambiri, koma imeneyo madzi amanyamula. Yabwino yonse makolo anatola kale. Inali ku msewu, yoyera.

Njira ndinaipeza imodzi. Munthu wa msewu akamakankha wilibala ya dothi palibe amamufunsa. Ndinkayamba kufukula ngalande pafupi ndi miyalayo. Ndinkaika umodzi kapena iwiri pansi pa wilibala, n'kukwirira ndi dothi. Yotsala ndinkaisendeza kuti mpata usaoneke. Kenako kukwera nayo ngati ndikukataya dothi. Masana, aliyense akuona. Anzanga ankayang'ana kumbali. Kuthandiza anakana, ndipo sindinawade.

Womanga anali mjomba. Ankabwera akachoka ku mzikiti, ku swala ya masana. Mwala uliwonse ankautembenuza, mbali yoyera kuloza m'dothi, kuti a chipani asaone laimu.

"Akamwini, ndaona akuba ambiri," anatero tsiku lina, "koma woba katundu amene anabweretsa yekha, ndinu woyamba."

Potsitsa tinali asanu ndi anayi, njira yotsetsereka. Pokweza ndinali ndekha. Msana unayamba pamenepo, mpaka lero.

Tsiku lina atcheyamani anaima pamene ndinkafukula.

"Miyala yanu ikutalikirana, kapitawo."

"Ng'ombe zimagubuduza, atcheyamani."

Anayang'ana wilibala nthawi yaitali. Nawo ankamwa kasupe yemweyo. Anati, "Muziisamala," n'kumapita. Kaya ankadziwa, kaya ayi, sindinafunse. Koma mantha anandigwira. Sabata yathunthu sindinatenge mwala. Sabata imeneyo ndimaikumbukira kawirikawiri.

Mvula inabwera msanga chaka chimenecho. Inagwa masana, ife tikuusa pakhonde pa chigayo. Mpata wa palinga unali utatsala mapazi khumi. Madzi anaupeza. Itakata tinakwera kukaona. Kasupe anali atakwiririka ndi mchenga ndi matope. Dimba linang'ambika pakati, chigwembe chofika m'khosi. Nthochi tinazipeza kunsi kwa msewu, zitatseka kalavati wanga yemwe.

Mkazi wanga sanalire. Anatola khasu lake limene madzi anasiya, n'kubwerera kunyumba.

Kasupe tinamufukula mudzi wonse, a mzikiti ndi a tchalitchi, masabata awiri. Atcheyamani anabwera ndi fosholo yawo. Palibe anatchula za miyala. Madzi anayambanso kutuluka, koma ochepa. Pofika Seputembala ankaphwa, amayi n'kumatsikira kumtsinje, ulendo wa ola limodzi, pobwerera chitunda ndowa ili pamutu. Mkazi wanga ankapita nawo. Ine palibe anandinena ndikumva. Ankamva ndi iye, panjira ya kumtsinje. Dimba silinabwerere. Chigwembe chinkakula chaka ndi chaka.

Linga ndinalimaliza dzinja lomwelo, ndi wilibala yomweyo. Nduna sinabwere. Miyala yotsala ku msewu inasuluka ndi mvula, udzu unaikwirira. Patapita zaka, makina oika phula anadzaikankhira kuphompho.

Abale a mkazi wanga anakhala pansi kukambirana za ine. Mkamwini amachotsedwa pamudzi pa zochepa, ndipo katundu wanga ndinali nditamanga kale. Mjomba anangoti, "Akachoka, linga aziyendera ndani? Iyeyu tsopano akulidziwa. Akhale."

Ndinakhala. Chaka chilichonse mvula isanagwe ndinkakwera kukayendera linga, kubweza yogwa, kuzula mitengo yomera pakati. Mjomba anamwalira. Atcheyamani anamwalira. Mkazi wanga anamwalira tikudyabe ndiwo zogula pamsika. Za dimba sanatchulenso chitchulireni tsiku lija la chinangwa. Ndikanakonda akanandikalipira.

Ulendo wotsiriza, miyendo isanakane, ndinapeza mwala umodzi utagwa, mbali yoyera kumwamba. Laimu anali akadalipo. Ndinaukweza movutika. Ndili kutsika m'pamene ndinazindikira kuti ndautembenuza, mbali yoyera kuloza m'dothi, chipani chija chitachoka m'boma kalekale.